Kodi selo imodzi ingamange bwanji nyumba ya zipinda zambiri?

Funso la lero lachokera kwa mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina ku Balaka. Akuti: "Achimwene anga amene amayendetsa thiraki anandibweretsera mchenga wa kunyanja yamchere ku Nacala m'kabotolo. Titauika pa maikulosikopu ya pasukulu tinaonamo tizigoba tambirimbiri, tina toyera mbee ngati kapu yadothi yomwera tiyi, tina toonekera mkati ngati galasi, tina tokhakhala ngati tomatidwa ndi mchenga. Ana akuti ndi tiana ta nkhono. Mphunzitsi mnzanga akuti ndi foraminifera, ndipo kalikonse ndi selo imodzi yokha. Selo imodzi ingamange bwanji chigoba cha zipinda? Akatswiri amatigawa bwanji m'magulu? Nanga bwanji mumchenga wa ku Senga Bay sitinapezemo n'kamodzi komwe?"

Aphunzitsi, mnzanuyo walasa. Zimene mwaonazo ndi zigoba za foraminifera, ndipo ife amene timagwira nazo ntchito timangofupikitsa kuti maforamu. Ndikuuzeninso kuti pamene mwatchula zoyera, zagalasi ndi zokhakhala, inu ndi ana anu mwatulukira nokha magulu atatu aakulu amene akatswiri anadalira kwa zaka zoposa 100. Maso anu aona bwino.

Anawo musawatsutse msanga, chifukwa ngakhale amene anapereka dzinali anagwa m'mbuna yofanana. Mu 1826 Alcide d'Orbigny wa ku France anaona tizigoba topindika ta zipinda ndipo anati ndi tiachibale ta Nautilus, nyama ya m'nyanja ya fuko la okutopasi imene imakhala m'chigoba cha zipindanso. Kusiyana kumene anaona n'kwakuti zipinda za Nautilus zimalumikizidwa ndi kapaipi, pamene izi zimangolumikizidwa ndi timabowo. Ndiye anazitcha foraminifera, mawu a Chilatini otanthauza "zonyamula mabowo". Mu 1835 Félix Dujardin, wa ku France komweko, anayang'ana zamoyo, osati zigoba zouma, ndipo sanapeze mutu, maso kapena matumbo. Anangopeza chinthu chonanda ngati thelere chikutuluka m'chigobamo n'kutambalala timaulusi. Dzina linatsala, koma chibale ndi Nautilus chinathera pomwepo.

Mumchenga wa ku Nacala tinkhono teniteni timakhalamo ndithu, choncho aphunzitseni anawo kusiyanitsa. Chigoba cha nkhono ndi njira imodzi yopindika kuyambira kukamwa mpaka kunsonga, yopanda khoma lodula pakati. Cha foramu ya zipinda chimaoneka ndi timizere panja, ndipo mzere uliwonse ukusonyeza pamene mkatimo pali khoma lolekanitsa chipinda ndi chinzake.

Chimatisokoneza n'chakuti tikamva zipinda timaganiza kuti chipinda chilichonse chili ndi mwini wake. Ayi. Mwini nyumba ndi mmodzi, ndipo wagona m'zipinda zonse nthawi imodzi. Thupi lonanda lija limadutsa pa timabowo ta m'makoma n'kudzaza zipindazo, kenako n'kutulukira pakhomo la chipinda chomaliza. Kunjako limagawikana kukhala timaulusi topyapyala timene timakumananso n'kulukana ngati ukonde. Mukauyang'ana ukondewo foramu ili moyo, mumaona timadontho tikuyenda pa ulusi umodzi womwewo, tina tikupita, tina tikubwera, monga nyerere pamzere wake. Ndi ukonde umenewu imakolera chakudya, monga mabakiteriya ndi ndere zing'onozing'ono. Ndi womwewo imakwawira, ndiponso imamangira.

Kamangidwe kake mukudziwa kale, chifukwa ambiri a ife ndi mmene timamangira. Munthu amayamba ndi chipinda chimodzi. Thumba likalola amaonjezera china kutsogolo kwake, ndipo khomo limene chaka chatha linali lakunja limasanduka lamkati. Foramu imayamba ndi kachipinda kamodzi kobulungira kamene akatswiri amati proloculus. Ikakula, thupi limatumphukira pakhomo, timaulusi timaumba maonekedwe a chipinda chatsopanocho, pamayalidwa kansalu kopyapyala ka zinthu za m'thupi, ndipo khoma limamangidwa pa kansaluko. Mwa mitundu imene yaonedwa ikumanga m'labotale, ntchitoyi imatenga maola chabe. Khomo lakale lija ndiye limakhala bowo lamkati limene d'Orbigny anatengerapo dzina. Choncho chigoba chilichonse chimasunga mbiri ya mwini wake, kuyambira kachipinda ka ubwana mpaka chomaliza.

Tsopano tibwere pa khoma, pamene pagona nkhani yaikulu.

Zokhakhala zija ndizo zinayamba kuoneka m'miyala, zaka zoposa 500 miliyoni zapitazo. Maforamu amenewa sapanga okha njerwa. Amatola zimene apeza pansi pa nyanja, kaya timchenga, tizibenthu ta zigoba za anzawo akufa, kapena timinga ta masiponji (nyama zofewa zomera pansi pa nyanja), n'kumata ndi ulimbo wotuluka m'thupi mwawo. Mwa ena ulimbowo ndi wa zinthu za m'thupi basi, mwa ena ndi laimu wogwira ngati simenti. Mukaona chigoba chonga kachikhatho kochindikala kokhala ndi zipinda m'mizere iwiri, chokhakhala ngati sandipepa, n'kutheka kwambiri kuti ndi Textularia.

Chimene chimandigwira mtima mpaka lero n'chakuti ena mwa amisiri amenewa amasankha. Alipo ongomata chilichonse, koma ena amatola timchenga ta msinkhu umodzi, ndipo ena amafuna chinthu chimodzi chokha pakati pa zinyalala zonse za pansi pa nyanja. Technitella legumen imamanga ndi timinga ta masiponji tokhatokha, ndipo imatiyala m'magawo awiri, takunja motsata utali wa chigoba, tamkati mopingasa, monga mmisiri woluka mphasa. Angerezi awiri, Edward Heron-Allen ndi Arthur Earland, anathera zaka zambiri pa zimenezi, ndipo Heron-Allen anafika ponena kuti tizilomboti tili ndi cholinga ndi nzeru, zimene anzake ambiri anakana. Ine mawu oti nzeru sindingawagwiritse ntchito pa selo yopanda ubongo, koma kusankhako n'koona, ndipo aliyense wokhala ndi maikulosikopu angadzionere. Mwina mungakonde kudziwa kuti anthu awiri omwewa anasindikiza mu 1914 ndi 1915 kafukufuku wamkulu wa maforamu a ku zilumba za Quirimbas, kumpoto kwa Pemba ku Mozambique, m'gombe lomwelo limene mchenga wanu wachokera.

Zoyera mbee zija ndi za gulu la Miliolida. Izi zimapanga zokha zomangira. Mkati mwa selo, m'timatumba ting'onoting'ono, zimaumba timasingano ta laimu wa mtundu wa kalisaiti wokhala ndi maginiziyamu wambiri, kenako zimanyamulira timasinganoto kukhoma n'kutikhuthulira mosasanja, monga mmene timitengo ta machesi timagwera bokosi likatayika. Pamwamba pokha ndi pamene pamakhala kagawo kosanjidwa bwino kamene kamapatsa chigobacho kusalala ndi kunyezimira. Kuwala kukalowa m'chipwirikiti cha timasingano chija kumamwazika mbali zonse, n'chifukwa chake diso limaona kuyera kwa mkaka. Yesani izi ndi anawo: chigoba chaching'ono chomwecho mukachiika m'dontho la madzi n'kuunikira kuchokera pansi, chimaoneka chofiirira ngati uchi. Khoma la gulu limeneli lilibe timabowo tobooka mpaka kunja.

Zagalasi zija, zimene zambiri ndi za gulu la Rotaliida, zimamanga mwa njira ina. Laimu wake amamera pamalo pomwepo, mbali zonse ziwiri za kansalu kaja, ndipo timiyala take timakhala tosanjika, mwakuti kuwala kumadutsa. Khomalo lili ndi timabowo tambirimbiri tonga tobooledwa ndi singano. Ambiri amaganiza kuti timaulusi timatulukira pamenepo, koma timabowo timeneti timakhala totsekedwa ndi kansalu kopyapyala, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kulowetsa ndi kutulutsa mpweya. Mitundu yokhala m'matope osowa okosijeni kawirikawiri imakhala ndi timabowo tochuluka kapena tokulirapo. Gululi lilinso ndi khalidwe lina: likamanga chipinda chatsopano, limakutanso chigoba chonse chakale ndi kagawo kena ka laimu, ngati munthu amene nthawi iliyonse akaonjezera chipinda amapakanso pulasitala nyumba yonse. Zotsatira zake n'zakuti zipinda zoyamba zimakhala ndi makoma ochindikala, chomaliza n'kukhala chopyapyala, ndipo ndicho chimayamba kusweka mafunde akamachigubuduza.

Apa pali msampha umene umakola ophunzira atsopano ambiri. Chigoba chagalasi chikachindikala kapena chikaperepeseka ndi mafunde chimayera, n'kumaoneka ngati cha Miliolida. Amphistegina, imene imachuluka kwambiri m'madzi ofunda a gombe la kum'mawa kwa Africa ndipo ndikukhulupirira ili m'kabotolo kanu, imaoneka ngati kambewu kosalala kotumphuka mbali zonse ziwiri, ndipo yakale imakhala yoyera. Musaweruze ndi kuyera kokha. Kulitsani maikulosikopu mufune timabowo.

Pali makoma ena amene simungawaone mumchenga wouma. Maforamu ena ali ndi chikopa chofewa chabe, monga Allogromia, ndipo akafa sasiya kanthu. Kagulu kochepa ka Robertinida kamamanga ndi laimu wa mtundu wina wotchedwa aragonaiti. Kalekale kunalinso Fusulinida, zooneka ngati njere za mpunga, zimene khoma lake linali la timibulu ta laimu tothinana. Zinachuluka mpaka kupanga miyala yathunthu, koma zinatheratu pa chiwonongeko chachikulu cha zamoyo cha zaka 252 miliyoni zapitazo.

Khoma limanena zambiri za malo amene foramu inkakhala, ndipo apa ndi pamene funso lanu la Senga Bay likuyankhidwira. Kumanga ndi laimu kumafuna madzi okhala ndi mchere ndi laimu wosungunuka wokwanira. M'madambo a m'mphepete mwa nyanja, mmene madzi a mtsinje amasakanikirana ndi amchere, mumachuluka zomata mchenga. M'madziwe ofunda osaya amene mchere wake ndi wopitirira, monga ku Persian Gulf, mumachuluka zoyera za Miliolida. M'madzi a mchere wapakatikati zagalasi ndizo zimatsogola. Mukatsika pansi kwambiri, kupyola mamita pafupifupi 4,000 mpaka 5,000 malinga ndi nyanja yake, madzi ozizira okhala ndi mpweya wambiri wa kaboni dayokisaidi amasungunula laimu, ndiye kumatsala zomata mchenga ndi zachikopa chofewa. Mu 2005 akatswiri a ku Japan ndi anzawo analengeza kuti anapeza maforamu ofewa amoyo m'matope a ku Challenger Deep, malo akuya kwambiri a m'nyanja ya Pacific, pafupifupi makilomita 11 pansi pa madzi.

Nyanja ya Malawi ndi ya madzi opanda mchere, ndipo maforamu omanga zigoba zolimba sakhala m'madzi otere. Ngakhale mutasefa mchenga wa ku Senga Bay chaka chathunthu simudzapeza. Achibale awo ochepa opanda chigoba cholimba amakhala m'madzi opanda mchere, monga Reticulomyxa, ndipo DNA ya ena inapezeka m'matope a nyanja ya Geneva ku Switzerland, koma amenewo sasiya chigoba choti mungatole. Akatswiri ofuna mbiri ya nyengo m'matope a pansi pa nyanja yathu amadalira kwambiri madayatomu, ndere za selo imodzi zimene chigoba chake ndi cha silika.

Tikachoka pa khoma, chachiwiri chimene katswiri amayang'ana ndi kasanjidwe ka zipinda. Ena ali ndi chipinda chimodzi chokha, monga Lagena, imene ili ngati kabotolo kakhosi lalitali. Nodosaria imaika zipinda mumzere umodzi ngati mikanda pa ulusi. Textularia ndi Bolivina zimaika uku ndi uku mosinthanasinthana ngati tsitsi loluka, ndipo taonani kuti ina ndi yomata mchenga, ina ndi yagalasi, koma kasanjidwe n'kamodzi. Bulimina imaika zipinda zitatu pa kuzungulira kulikonse. Elphidium imazinga mwafulati monga bongololo akadzipinda, mwakuti mbali zake ziwiri zimafanana. Ammonia imazinga mokwera ngati nkhono: mbali imodzi mumaona zipinda zonse kuyambira choyamba, mbali inayo mumangoona za mzere womaliza ndi kamchombo pakati.

Ya Miliolida ndiyo imavuta kuimvetsa poyamba, koma ikalowa m'mutu siituluka. Chipinda chilichonse ndi kapaipi kopindika kotalika theka la kuzungulira, choncho khomo limasinthasintha, ulendo uno kumutu, ulendo wotsatira kumiyendo. Mwa Quinqueloculina chipinda chatsopano chimaikidwa madigiri 144 kuchokera pa chapitacho, ndipo kunja kumaoneka zipinda zisanu, zinayi mukayang'ana mbali imodzi, zitatu mukatembenuza, ziwiri zam'mbali n'kuonekera konsekonse. Mwa Triloculina ndi madigiri 120 ndipo zooneka ndi zitatu. Mwa Pyrgo ndi madigiri 180, ndipo zipinda ziwiri zomaliza zimakwirira zonse, n'kumaoneka ngati kadzira. Pakhomo pa zambiri mwa izi pamakhala kadzino kotulukira. Ana a masamu angasangalale kujambula madigiri amenewa papepala n'kuona okha chifukwa chake zimatuluka zisanu kapena zitatu.

Khomo lenilenilo nalonso limawerengedwa: lili pati, ndi lobulungira kapena long'ambika, ndi limodzi kapena ndi timabowo tambiri ngati sefa, lili pakhosi kapena ayi. Mitundu iwiri ingafanane pa zonse n'kusiyana pakhomo pokha.

Msampha wina, umene unachulukitsa mayina pachabe m'zaka za m'ma 1800, ndi wakuti mtundu umodzi umatha kukhala ndi zigoba za maonekedwe awiri. Maforamu ambiri amabereka mosinthana mibadwo. M'badwo umodzi umabadwa pamene kholo langodzigawa kukhala tiana tambiri, ndipo kamwana kalikonse kamayamba ndi thupi lokulirapo, choncho chipinda choyamba chimakhala chachikulu koma chigoba chonse chimathera paching'ono. M'badwo winawo umabadwa mbewu ziwiri zoberekera zikakumana, umayamba ndi kachipinda kakang'ono kwambiri, koma umakula n'kukhala ndi zipinda zambiri. Joseph Jackson Lister anafotokoza zimenezi mu 1895 atayang'anitsitsa Elphidium yamoyo. Izi zisanadziwike, kholo ndi mwana ankapatsidwa mayina osiyana.

Nanga magulu aja anakhazikika bwanji? D'Orbigny anayamba ndi kasanjidwe ka zipinda. Amene anabwera pambuyo pake anati ayi, khoma ndilo lofunika, ndipo maganizo amenewa anapambana. Henry Brady anajambulitsa ndi kufotokoza mitundu yambirimbiri imene sitima ya HMS Challenger inatola pa ulendo wake wa 1872 mpaka 1876, ndipo ntchito yakeyo inatuluka mu 1884. Joseph Cushman wa ku America anaonetsa makampani a mafuta m'zaka za m'ma 1920 kuti tizigoba timeneti tingauze wokumba zaka za mwala umene wafikapo. Kenako Alfred Loeblich ndi mkazi wake Helen Tappan anasonkhanitsa zonse mu 1964, n'kudzakonzanso chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Dongosolo lawo linali lomveka: yamba ndi khoma kuti upeze gulu lalikulu, kenako zipinda ndi khomo kuti upeze banja ndi mtundu. Ambiri a ife tinaphunzira ndi dongosolo limenelo.

DNA itabwera zinthu zinagwedezeka. Chitsanzo chimene ndimakonda ndi Miliammina fusca, ya m'madambo amchere pang'ono. Khoma lake ndi lomata mchenga, choncho mwa dongosolo lakale inkakhala pamodzi ndi Textularia. Koma zipinda zake zimazinga ndendende ngati Quinqueloculina. Mu 1997 gulu la akatswiri a ku Geneva linaonetsa kuti chibale chake chili kwa zoyera za Miliolida, osati kwa zomata mchenga zinzake. Zipinda zinkanena zoona, khoma ndilo linkasokeretsa. Zitsanzo zotere zitachuluka, mu 2013 Jan Pawlowski, Maria Holzmann ndi Jarosław Tyszka anapereka dongosolo latsopano. Maforamu a zipinda zambiri anawaika m'magulu awiri aakulu. Globothalamea ndi amene zipinda zawo, makamaka paubwana, zimakhala zobulungira kapena zonga mwezi wongooneka kumene, ndipo khomo latsopano limakhala pafupi ndi lakale. M'menemu muli zagalasi za Rotaliida pamodzi ndi Textularia yomata mchenga. Tubothalamea ndi amene zipinda zawo ndi timapaipi, khomo latsopano n'kukhala kutali ndi lakale, ndipo m'menemu muli Miliolida, Spirillinida ndi Miliammina ija. A chipinda chimodzi, ofewa ndi omata mchenga, anaikidwa mu Monothalamea, koma limeneli si banja limodzi lenileni. Ndi nthambi zambiri zakale zimene magulu awiri aja anaphukirapo.

Tanthauzo lake n'lakuti luso lomanga ndi laimu silinatulukiridwe kamodzi. Mbumba ya timapaipi inalipeza mwa njira yake, ya timasingano tomwazika, ndipo mbumba ya zipinda zobulungira inalipezanso payokha, mwa njira ya galasi. Zomata mchenga si fuko limodzi koma kamangidwe kakale kamene mabanja osiyanasiyana sanakasiye. Ndiye d'Orbigny, amene analakwitsa pa Nautilus, pa zipinda anali pafupi ndi choonadi kuposa mmene omutsatira ankaganizira.

Maganizo anga ndi awa, aphunzitsi. Dongosolo lakale musalitaye. Mwa mitundu yonse imene inapatsidwa mayina, yamoyo ndi pafupifupi 9,000, pamene ya m'miyala ndi pafupifupi 40,000, ndipo ya m'miyalayo ilibe DNA yoti munthu ayeze. Munthu wokhala ndi maikulosikopu ndi mchenga adzayambabe ndi khoma chifukwa ndilo limaoneka msanga, ndipo ndilo limamuuza za madzi amene kachilomboko kankakhala. Koma anawo auzeni mosabisa kuti magulu atatu aja ndi magulu a kamangidwe, osati a chibale. Nyumba ziwiri za njerwa zootcha sizitanthauza kuti eni ake ndi a mbumba imodzi.

Ambiri mwa maforamu ndi apakati pa gawo limodzi mwa magawo 10 a milimita ndi milimita imodzi, koma alipo amene amadabwitsa aliyense womva kuti ndi selo imodzi. Miyala yambiri ya mapiramidi a ku Giza ku Egypt yadzaza ndi Nummulites, zigoba zafulati zonga makobidi, ndipo dzinalo limatanthauza kakobidi. Mtundu wina mpaka unatchedwa Nummulites gizehensis. Zinakhala m'nyanja yofunda yosaya zaka zoposa 40 miliyoni zapitazo. Strabo, Mgiriki amene anafika pamalopo zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, anauzidwa kuti ting'onoting'ono take ndi mphodza zimene omanga mapiramidi anasiya n'kusanduka miyala. Pansi pa nyanja yakuya kuli gulu la xenophyophore, ndipo Syringammina fragilissima, imene Brady anafotokoza mu 1883 kuchokera kunyanja ya kumpoto kwa Scotland, imafika masentimita 20. Selo yotere imakhala ndi manyukiliyasi (timitima ta selo tosunga DNA) ambirimbiri m'thupi limodzi losagawika.

Akuluakulu a m'madzi osaya ali ndi chinsinsi china: amalima ndere mkati mwa thupi. Amphistegina imasunga madayatomu, Peneroplis imasunga ndere zofiira, Marginopora ndi Sorites zimasunga ndere za gulu limene limakhalanso m'makorali, tinyama tomanga matanthwe m'nyanja zofunda. Nderezo zimapanga chakudya ndi dzuwa, foramu n'kudyako. Apa chigoba chimasanduka munda wotetezedwa. Chimakhala chafulati kuti dzuwa lifike paliponse, zipinda zimagawidwanso m'tizipinda, ndipo khoma la pamwamba limapyapyala ngati zenera. Mukapeza mumchenga wanu kachimbale koyera kafulati kokhala ndi mizere yozungulirazungulira, n'kutheka kuti ndi Sorites kapena wachibale wake. Mchenga wooneka ngati tinyenyezi wa ku zilumba za Okinawa ku Japan ndi zigoba za Baculogypsina, ndipo kufiira kwa mchenga wa ku Bermuda kumachokera ku Homotrema rubrum.

Mitundu pafupifupi 50 yokha ndi imene imayandama m'madzi m'malo mokhala pansi, monga Globigerina ya zipinda zonga timipira. Inachokera kwa apansi omwewa m'nyengo ya Jurassic, nthawi ya madainoso. Zigoba za oyandama ndi apansi omwe zimasunga chizindikiro cha kutentha kwa madzi amene zinamangidwamo, ndipo kuyambira pa ntchito ya Cesare Emiliani mu 1955 zakhala zida zazikulu zowerengera nyengo zakale. Dongo la ku Kilwa ndi ku Lindi ku Tanzania ndi lotchuka pa zimenezi, chifukwa linatsekera zigoba bwino kwambiri moti za zaka zoposa 40 miliyoni zimatulukamo zikadali zowala ngati galasi.

Kabotolo kanu kangakwanire phunziro la sabata yathunthu. Tsukani mchengawo ndi madzi abwino kuti mchere uchoke, apo ayi zigoba zimamatirirana. Ife timasefa ndi sefa ya timabowo ta mamaikuloni 63 (maikuloni ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita), koma kansalu kothinana kangagwire ntchito yochotsa matope. Uumitseni pamthunzi, kenako wazani pang'ono kwambiri pa pepala lakuda, moti timchenga tisagundane. Unikirani kuchokera pamwamba chammbali, ngakhale ndi tochi ya foni, chifukwa maikulosikopu ambiri a pasukulu amaunikira kuchokera pansi ndipo mumangoona mdima wa chigobacho. Potola gwiritsani ntchito kabulashi kojambulira kosongoka kwambiri, konyowetsedwa nsonga ndi madzi. Chigoba chimamatirira chokha. Chouma musachikhudze ndi singano, chimadumpha n'kusowa, ndipo anawo asapumire pafupi ndi pepalalo.

Gulu lililonse la ana lisankhe zigoba m'milu itatu ya khoma, liwerenge, kenako lisankhenso zigoba zomwezo potsata zipinda, aone okha kuti milu yasintha. Ife pofufuza timawerenga zigoba pafupifupi 300 pa sampulo imodzi, koma 50 n'zokwanira m'kalasi. Dontho la madzi pa chigoba chagalasi limaonetsa makoma amkati. Dontho la viniga pa choyera kapena chagalasi limatulutsa thovu mpaka chigoba kutha, pa chomata mchenga cha simenti ya laimu timchenga timayoyoka, pamene cha ulimbo wa m'thupi chimangokhala chilili.

Achimwene anu akadzapitanso ku Nacala, muwapemphe kuti asatape mchenga wouma wa kumtunda, umene mafunde anaperepesa kale. Madzi akaphwa atape pang'ono pa kamzere koyera kamene mafunde amasiya pamchenga wonyowa, chifukwa zigoba zopepuka zimaunjikana pamenepo, ndipo atapenso pakati pa udzu wa m'nyanja. Mabotolo akhale awiri, lililonse lolembedwa malo ndi tsiku.